Chigawo cha Virginia ku America: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwerabwera kuchokera kwa ana asukulu, alimi a fodya, ndi anthu amene ali ndi abale ku America kapena akukonza zopitako. Pamene yankho lakhudza nkhani yomwe tafotokoza pa funso lina, tangokulozerani komweko.

Kodi Virginia ili kuti, ndipo ndi yaikulu bwanji?

Virginia ndi chimodzi mwa zigawo 50 za dziko la United States of America. Chigawochi chili kum'mawa kwa dzikolo, m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Atlantic. Kumpoto chinachita malire ndi Maryland komanso mzinda wa Washington, D.C., kumwera kuli North Carolina ndi Tennessee, ndipo kumadzulo kuli Kentucky ndi West Virginia.

Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 110,800, kuchepera pang'ono pa Malawi amene ali ndi 118,484. Pa kalembera wa 2020 munapezeka anthu 8.6 miliyoni, osafika theka la anthu a m'Malawi. Dzinali analipereka ndi Angerezi polemekeza Mfumukazi Elizabeth I, imene sinakwatiwe moyo wake wonse, poti m'Chingerezi namwali ndi "virgin".

Likulu lake ndi Washington?

Ayi, likulu ndi Richmond. Washington ndi likulu la dziko lonse ndipo sali m'chigawo chilichonse. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti mtsinje wa Potomac wokha ndi umene ukulekanitsa Washington ndi Virginia. Munthu akatsika ndege pabwalo la Dulles kapena la Reagan amalengeza kwa abale kuti wafika ku Washington, pamene phazi lake laponda ku Virginia. Nyumba ya Pentagon imene ndi likulu la asilikali, manda a asilikali a Arlington ndi likulu la akazitape a CIA zonse zili tsidya la Virginia.

Mzinda wa anthu ambiri si Richmond koma Virginia Beach, umene uli ndi anthu pafupifupi 460,000.

Virginia ndi West Virginia n'chimodzi?

Zinali chimodzi mpaka pa 20 Juni 1863, koma lero chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake, malamulo ake ndi likulu lake. Chimene chinazilekanitsa chili pa funso la nkhondo yapachiweniweni.

Dziko lake ndi lotani, lachigwa kapena lamapiri?

Zonse zilipo, ndipo zinandandalikana kuchokera kunyanja kupita kumadzulo. Kugombe kuli chidikha chotchedwa Tidewater, kumene mitsinje inayi ikuluikulu, Potomac, Rappahannock, York ndi James, imathira m'nyanja ya Chesapeake Bay. Madzi a m'mitsinjeyi amakwera ndi kutsika potsatira nyanja mpaka kutali kumtunda, n'chifukwa chake zombo zakale zinkafika pakhomo penipeni pa minda ya fodya. Zombozo zinkathera pamathithi, ndipo pamathithi pomwepo m'pamene panamera mizinda ngati Richmond ndi Fredericksburg.

Mukadutsa mathithiwo mwalowa Piedmont, dera la zitunda ndi dothi lofiira lakatondo. Kenako pakubwera mapiri a Blue Ridge, kuseri kwake kuli chigwa chachonde cha Shenandoah, ndipo kumapeto kwenikweni kumwera chakumadzulo kuli mapiri a malasha. Phiri lalitali kuposa onse ndi Mount Rogers, la mamita 1,746. Sapitwa wa pa Mulanje amaliposa ndi mamita oposa 1,200.

Palinso kachigawo kena kotchedwa Eastern Shore, kamene kali tsidya lina la Chesapeake Bay. Kuti mukafikeko kuchokera ku Virginia Beach mumadutsa msewu wa makilomita 28 umene unatsegulidwa mu 1964. Msewuwu umayenda pamlatho, kenako n'kumira pansi pa nyanja kawiri kuti sitima zikuluzikulu zizidutsa pamwamba popanda chotchinga.

Nyengo yake ndi yotani?

Pali nyengo zinayi, ndipo zimasemphana ndi zathu. Juni mpaka Ogasiti kumatentha, kutentha kwachinyezi kopanikiza, kofika madigiri 30 ndi kupitirira. Disembala mpaka Febuluwale kumazizira. Chipale chofewa chimagwa kwambiri kumapiri ndi kumpoto, pamene kugombe chimangogwa mwa apo ndi apo. Mvula ilibe nyengo yake, imagwa mwezi uliwonse. Namondwe amaopseza kuyambira Juni mpaka Novembala. Woipitsitsa amene anthu amakumbukirabe ndi Camille wa mu Ogasiti 1969, amene anagumula mapiri m'dera la Nelson County usiku umodzi n'kupha anthu oposa 100.

Azungu asanafike kunali ndani, nanga iwo anafika bwanji?

Kugombe kunali mitundu pafupifupi 30 pansi pa mfumu yaikulu Powhatan, anthu olima chimanga, nyemba ndi maungu. Kumtunda kunali a Monacan ndi ena. Zidzukulu zawo zilipo mpaka lero, ndipo a Pamunkey ndi a Mattaponi akadali pa malo amene anagwirizana ndi Angerezi m'zaka za m'ma 1600.

Mu Meyi 1607 zombo zitatu za kampani ya Virginia Company ya ku London zinatsitsa amuna ndi anyamata 104 pamtsinje wa James. Mudzi umene anamanga, Jamestown, ndi mudzi woyamba wa Angerezi umene unakhazikika ku America. Anabwera kudzafuna golide ndipo sanamupeze. Malo amene anasankha anali adambo, madzi ake amchere, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa kugwira khasu. M'nyengo yozizira ya 1609 mpaka 1610 njala inawapulula mpaka kutsala anthu pafupifupi 60 okha. Anadya akavalo, agalu, makoswe ndi zikopa za nsapato, ndipo mu 2013 akatswiri ofukula zakale anaonetsa chigaza cha mtsikana chokhala ndi zipsera za mpeni, umboni wakuti anafika podya anzawo akufa.

Pocahontas amene dzina lake limamveka kwambiri anali mwana wa mfumu Powhatan. Angerezi anamugwira mu 1613, anakwatiwa ndi John Rolfe mu 1614, ndipo anamwalira ku England mu 1617 ali ndi zaka pafupifupi 20. Nkhani zachikondi zimene amamusimbira zambiri ndi zokometsera.

N'chifukwa chiyani fodya wina amatchedwa Virginia?

Chifukwa fodya ndiye anapulumutsa mudzi wa Jamestown, ndipo kwa zaka mazana angapo dzina la Virginia linkangotanthauza fodya m'misika ya ku Ulaya. Cha m'ma 1612 John Rolfe yemweyo anabzala mbewu yochokera kumayiko a ku Caribbean, yokoma kuposa fodya wowawa amene eni dziko ankalima. Ku London anaikonda. Pasanathe zaka zambiri anthu ankabzala fodya ngakhale m'misewu ya Jamestown.

Fodya anasanduka ndalama. Msonkho ndi chindapusa ankalipira ndi fodya, ndipo m'busa wa mpingo wa Anglican malipiro ake a pachaka anali mapaundi 16,000 a masamba. Kampani itatumiza atsikana ochokera ku England cha m'ma 1620, mwamuna wofuna kukwatira ankabweza ndalama za ulendo wa mkaziyo ndi mapaundi 120 mpaka 150 a fodya.

Mlimi aliyense amadziwa zinthu ziwiri za mbewuyi: imagugitsa nthaka msanga, ndipo imafuna manja ambiri kuyambira kunazale mpaka pomanga mabelo. Zinthu ziwirizi ndi zimene zinalemba mbiri ya Virginia. Munda ukaguga patatha zaka zitatu kapena zinayi, atsamunda ankalanda malo atsopano, ndipo zimenezi zinabutsa nkhondo za mu 1622 ndi 1644. Za manja ogwira ntchitowo, onani funso lotsatira.

Fodya amene lero amatchedwa Virginia ndi wa fuluu, wochiza ndi kutentha kwa moto wodutsa m'mapaipi mpaka tsamba kusanduka lachikasu. Njirayi inakula m'zaka za m'ma 1800 m'malire a Virginia ndi North Carolina, ndipo tauni ya Danville inatchuka ndi okushoni imene masamba ankaunjikidwa poyera kuti ogula awaone ndi kuwagwira. Kwathu kuno alimi ambiri amalima wa bale, koma ubale ndi Virginia ulipo ndithu: kampani ya Limbe Leaf mwini wake wamkulu ndi Universal Corporation, imene likulu lake lili ku Richmond. Ku Richmond komweko kulinso fakitale yaikulu ya ndudu za Marlboro.

Ukapolo unayamba bwanji ku Virginia?

Chaka cha 1619 chili ndi zinthu ziwiri zimene anthu a ku Virginia sangazilekanitse ngakhale atafuna. Pa 30 Julayi, nthumwi zosankhidwa ndi atsamunda zinakumana m'tchalitchi cha ku Jamestown. Nyumba ya malamulo ya Virginia imawerengera zaka zake kuchokera tsiku limenelo. Patangotha milungu yochepa, kumapeto kwa Ogasiti, chombo chotchedwa White Lion chinaima pa Point Comfort ndi anthu 20 ndi ena ochepa ochokera ku Angola, amene chinawalanda m'chombo cha Apwitikizi. Anawasinthanitsa ndi chakudya.

Poyamba ambiri olima fodya anali azungu osauka amene ankagwira ntchito zaka zingapo pobweza ndalama za ulendo, ndipo anthu akuda ena ankatha kumasuka n'kukhala ndi minda. Nyumba ya malamulo ija ndi imene inatseka mipatayo, lamulo ndi lamulo. Mu 1662 inagamula kuti mwana azitsata mayi ake: mayi akakhala kapolo, mwananso ndi kapolo, ngakhale bambo ake atakhala mwini munda. Mu 1667 inanena kuti ubatizo sumasula munthu. Mu 1705 inasonkhanitsa zonsezi m'lamulo limodzi.

Dziko la America litaletsa kuitanitsa akapolo kuchokera kunja mu 1808, minda yambiri ya Virginia inali itaguga kale, pamene kumwera kwenikweni thonje linali pamoto. Apa eni akapolo anapeza malonda atsopano, ogulitsa anthu. Msika wa ku Shockoe Bottom mu Richmond unkangoposedwa ndi wa ku New Orleans, ndipo mabanja ankapatulidwa, bambo kwina, ana kwina. Pofika 1860 mu Virginia munali akapolo pafupifupi 490,000, kuposa chigawo china chilichonse.

Sikuti ankangogonja. Ena anathawira m'dambo lalikulu la Great Dismal Swamp n'kukhala komweko mibadwomibadwo. Mu Ogasiti 1831 mlaliki Nat Turner anatsogolera kuukira ku Southampton County kumene kunapha azungu oposa 50. Pobwezera anapha anthu akuda ambiri osalakwa, n'kukhwimitsa malamulo oletsa kuwaphunzitsa kuwerenga ndi kulalikira.

Zoona kuti mapulezidenti ambiri anabadwira kumeneku?

Inde, asanu ndi atatu, kuposa chigawo china chilichonse: George Washington, Thomas Jefferson, James Madison, James Monroe, William Henry Harrison, John Tyler, Zachary Taylor ndi Woodrow Wilson. Mwa mapulezidenti asanu oyambirira, anayi anali a ku Virginia. Jefferson ndiye analemba chikalata cholengeza ufulu mu 1776, Madison ndiye anachita mbali yaikulu pa malamulo oyendetsera dziko, ndipo nkhondo yolimbana ndi Britain inathera ku Yorktown pa 19 Okutobala 1781 pamene mkulu wa asilikali a Britain, Cornwallis, anagonja kwa Washington ndi Afalansa.

Jefferson yemweyo, munthu amene analemba kuti anthu onse analengedwa ofanana, anakhala ndi akapolo oposa 600 pa moyo wake, ndipo anabereka ana mwa mmodzi wa iwo, Sally Hemings. Ena amati tisamaweruze anthu akale ndi muyezo wa lero. Koma Jefferson ankadziwa bwino kuti ukapolo ndi woipa, poti analemba yekha zimenezo. Chimene chinamukanika ndi kusiya moyo umene ukapolowo unkamupatsa.

Pa nkhondo yapachiweniweni, Virginia inali mbali iti?

Mbali ya kumwera, imene inkafuna kusunga ukapolo. Chigawochi chinachoka mu mgwirizano mu Epulo 1861, ndipo Richmond anakhala likulu la zigawo zogalukirazo. Popeza Richmond ndi Washington zatalikirana makilomita osakwana 200, nkhondo zambiri zinamenyedwera mu Virginia kuposa kwina kulikonse, kuyambira ku Manassas mpaka ku Petersburg. Mkulu wa asilikali a kumwera, Robert E. Lee, anagonja kwa Ulysses S. Grant ku Appomattox pa 9 Epulo 1865. M'dziko lonse munafa anthu oposa 600,000.

Anthu a kumapiri a kumpoto chakumadzulo, amene analibe minda ikuluikulu ndipo akapolo anali ochepa, anakana kugalukira. Ndiwo anapanga West Virginia.

Pa Point Comfort pomwe paja panali patamangidwa linga la Fort Monroe, ndipo linakhalabe m'manja mwa asilikali a kumpoto. Usiku wina mu Meyi 1861 akapolo atatu anapalasa bwato n'kuthawira palingapo. Mwini wawo atatuma munthu kudzawatenga, mkulu wa asilikali Benjamin Butler anakana: poti Virginia ikuti ndi dziko lachilendo, iye sakakamizika kubweza katundu wa adani. Mbiriyo itamveka anthu zikwizikwi anakhamukira komweko.

Nanga tsankho linatha ukapolo utatha?

Linangosintha malaya. Malamulo a chigawo a mu 1902 analanda anthu akuda ambiri mwayi wovota kudzera mu msonkho ndi mayeso, ndipo lamulo la mu 1924 linagawa munthu aliyense kukhala mzungu kapena wosakhala mzungu.

Milandu iwiri imene inasintha dziko lonse inachokera kumidzi ya Virginia. Pa 23 Epulo 1951 mtsikana wa zaka 16, Barbara Johns, anatsogolera anzake kunyanyala maphunziro pa sekondale ya anthu akuda ya Moton ku Farmville. Sukuluyo inamangidwira ana 180 koma inali ndi oposa 450, ena akuphunzirira m'zisakasa zodontha. Mlandu wawo unaphatikizidwa mu chigamulo cha 1954 choletsa kusankhana mitundu m'sukulu. Akuluakulu a Prince Edward County anasankha kutseka sukulu zonse za boma kuyambira 1959 mpaka 1964 m'malo molola ana kuphunzirira pamodzi. Ana achizungu anawapezera sukulu zolipira, pamene ana akuda ambiri anakhala zaka zisanu osalowa m'kalasi.

Wachiwiri ndi wa Richard ndi Mildred Loving, mzungu ndi mkazi wakuda, amene apolisi anawadzutsa pakati pa usiku mu 1958 chifukwa chokwatirana. Khoti linawauza kuti asankhe ndende kapena kuchoka mu Virginia kwa zaka 25. Pa 12 Juni 1967 khoti lalikulu la dziko linathetsa malamulo onse oletsa maukwati otere.

Mu 1989 Virginia inasankha Douglas Wilder, mdzukulu wa akapolo, kukhala bwanamkubwa wakuda woyamba kusankhidwa ndi mavoti m'dziko lonse. Komabe mkangano wa zakale sunazime: mu Ogasiti 2017 zionetsero za azungu atsankho ku Charlottesville zinaphetsa mayi wina, ndipo chiboliboli chachikulu cha Lee mu Richmond chinatsitsidwa mu Seputembala 2021.

John Chilembwe anaphunzira ku Virginia?

Inde. Anapita ku America mu 1897 ndi mmishonale Joseph Booth, ndipo mothandizidwa ndi mipingo ya anthu akuda ya National Baptist Convention analowa sukulu ya ubusa ya Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Sukuluyi ilipobe, pano imatchedwa Virginia University of Lynchburg. Musaisokoneze ndi Liberty University, yunivesite yaikulu ya mumzinda womwewo imene inayamba mu 1971.

Ganizirani Virginia imene mnyamata wa ku Chiradzuluyu anaiona. Ukapolo unali utatha zaka 32 zokha m'mbuyomo, moti m'matchalitchi mmene ankapemphera munali anthu amene anabadwa akapolo. Anthu akuda ankaphedwa ndi magulu a azungu popanda mlandu kuzengedwa, ndipo andale anali kalikiliki kukonza zowalanda mavoti. Booth analemba kuti ku Richmond anyamata achizungu ankawagenda chifukwa choyendera limodzi. Koma anaonanso anthu akuda akuyendetsa okha mipingo, sukulu, nyuzipepala ndi mabizinesi. Mtsogoleri wa sukulu yake, Gregory Hayes, ankalimbikira kuti sukuluyo isalamulidwe ndi azungu ngakhale atakhala kuti ndiwo akupereka ndalama.

Atabwerera mu 1900 ali m'busa wodzozedwa anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ndipo amishonale akuda ochokera ku America, Landon Cheek ndi Emma DeLany, anabwera kudzamuthandiza. Olemba mbiri amagwirizanitsa kuukira kwa pa 23 Januwale 1915 ndi nkhani za John Brown, mzungu wodana ndi ukapolo amene mu 1859 anaukira nkhokwe ya zida ku Harpers Ferry, komwe nthawi imeneyo kunali mu Virginia. Koma zimene zinamukwiyitsa, thangata, nkhanza za pa esiteti ya Magomero ndi kutengera anthu kunkhondo ya azungu, zinali za kuno komwe.

Chuma cha Virginia chimadalira chiyani masiku ano?

Boma la dziko lonse, makamaka asilikali. Kumpoto, moyandikana ndi Washington, kuli Pentagon, CIA ndi makampani ambirimbiri amene amadya makontirakiti a boma. Kugombe, doko la asilikali a pamadzi la Norfolk ndi lalikulu kuposa onse padziko lapansi, ndipo ku Newport News ndi kokhako kumene America amapangira sitima zankhondo zonyamula ndege. Kudalira boma kotere kuli ndi kuipa kwake: andale ku Washington akalephera kugwirizana za bajeti, kapena boma likachotsa anthu ntchito ngati mmene zinakhalira mu 2025, Virginia imamva kuwawa msanga.

Chachiwiri ndi intaneti. Ku Ashburn, m'dera la Loudoun County, kuli zinyumba zikuluzikulu zopanda mawindo zodzaza makompyuta osunga ndi kutumiza uthenga wa pa intaneti, zochuluka kuposa malo ena alionse padziko. Mumva ena akunena kuti 70 peresenti ya intaneti yonse imadutsa pamenepo. Akatswiri ambiri amati nambalayi ndi yokokomeza. Zinyumbazi zimabweretsa msonkho wambiri koma ntchito zochepa, zimameza magetsi, ndipo oyandikana nazo amadandaula ndi kulira kwa makina oziziritsa usana ndi usiku. Amazon inasankhanso Arlington mu 2018 kukhala likulu lake lachiwiri.

Ndiye kuti anthu onse kumeneko ndi olemera?

Kutalitali. Loudoun imakhala pamwamba pa madera olemera a dziko lonse, koma yendani maola asanu ndi limodzi kupita kumwera chakumadzulo mukaone. M'madera a malasha ngati Buchanan, Dickenson ndi Wise migodi yambiri inatsekedwa, achinyamata anasamuka, ndipo mankhwala opha ululu osokoneza bongo anawononga mabanja. Kwa zaka pafupifupi 20, chaka chilichonse madokotala ongodzipereka ankamanga matenti pabwalo la chionetsero ku Wise, ndipo anthu ankagona m'magalimoto usiku wonse kudikira nambala kuti akazulitse mano kapena kulandira magalasi a maso kwaulere. Kumwera, fakitale ya nsalu ya Dan River ku Danville inatsekedwa mu 2006, ndipo mafakitale a mipando a ku Martinsville anagwa katundu wotchipa wa ku Asia atasefukira.

Kumpoto nako malipiro ndi okwera koma lendi imadya gawo lalikulu. Wachibale akakuuzani ndalama zimene amalandira pa ola, mufunseninso za nyumba, inshuwalansi ya chipatala ndi galimoto musanayambe kuchulukitsa ndi kwacha.

Ulimi ulipobe?

Ulipo, koma fodya salinso mfumu. North Carolina ndi Kentucky amalima wambiri kuposa Virginia, ndipo alimi ambiri anasiya boma litathetsa makota mu 2004. Pano patsogolo pali nkhuku zanyama, ng'ombe ndi nkhukundembo, makamaka m'chigwa cha Shenandoah. Kulinso soya, chimanga, maapozi a ku Winchester, mphesa zopangira vinyo, ndi mtedza wa maso akuluakulu wa ku Suffolk. Tauni ya Smithfield imadziwika ndi nyama ya nkhumba yofutsa ndi mchere ndi utsi. Kampani yaikulu ya kumeneko inagulidwa ndi kampani ya ku China mu 2013. M'nyanja ya Chesapeake amakola nkhanu ndi kuweta nkhono zodyedwa.

Boma lake limayenda bwanji?

Bwanamkubwa amalamulira zaka zinayi ndipo saloledwa kuimanso nthawi yomweyo. Ndi chigawo chokhachi chimene chili ndi lamulo lotere. Chisankho chake chimachitika chaka chotsatira cha pulezidenti, choncho dziko lonse limachiyang'ana ngati chizindikiro cha mmene anthu akumuonera pulezidenti watsopano. Mu Novembala 2025 anasankha Abigail Spanberger, mayi woyamba pa udindowu. Nyumba ya malamulo ili pawiri, ya aphungu 100 ndi ya masenetala 40. Kuyambira 2008 chigawochi chavotera chipani cha Democrat pa upulezidenti, ngakhale madera ambiri akumidzi ndi a chipani cha Republican. Mu 2021 chinathetsa chilango cha imfa, choyamba kutero mwa zigawo za kumwera.

Ndi malo ati oyenera kukaona?

Ngati muli ndi masiku ochepa ndipo mwafikira kumpoto, yambani ndi manda a Arlington, amene ali pa munda umene unali wa banja la Lee. Muli manda pafupifupi 400,000, kuphatikizapo a John F. Kennedy. Pa manda a msilikali wosadziwika mlonda amayenda masitepe 21, kuima masekondi 21, n'kutembenuka, usana ndi usiku, kaya kugwe mvula kaya chipale. Pafupi ndi Dulles pali Udvar-Hazy Center, nyumba yoonetsera ndege kumene mungaime pansi pa Concorde, ndege yonyamula anthu imene inkathamanga kuposa liwiro la mawu. Kulowa n'kwaulere, mumangolipira poimika galimoto.

Nyumba ya Washington, Mount Vernon, ndi ya Jefferson, Monticello, zonse n'zotsegula. Musathere pa zipinda za mabwana zokha. Ku Monticello tsikirani ku Mulberry Row, kumene kunali nyumba za akapolo ndi kumene anyamata aang'ono ankasula misomali tsiku lonse, Jefferson akumayeza chitsulo chimene aliyense wawononga. Monticello pamodzi ndi University of Virginia zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1987.

Jamestown, Williamsburg ndi Yorktown zayandikana moti tsiku limodzi kapena awiri akwana. Ku Williamsburg anamanganso tauni ya m'zaka za m'ma 1700, ndipo osula, osoka ndi osindikiza amagwira ntchito ndi zida za nthawi imeneyo. Fort Monroe ili chapafupi ndipo kulibe chikhamu.

Okonda mapiri apite ku Shenandoah National Park, imene inatsegulidwa mu 1935 mabanja mazana angapo atasamutsidwa. Msewu wa Skyline Drive umayenda pamsana pa phiri makilomita 169, ndipo mu Okutobala masamba amasanduka ofiira ndi achikasu. Zimbalangondo zilipo koma kawirikawiri zimathawa munthu. Choopsa kwambiri ndi nkhupakupa zofalitsa matenda a Lyme, choncho dzifufuzeni m'thupi mukatuluka m'thengo. Chapafupi pali mapanga a Luray. Kumapeto kwa Julayi, ku Chincoteague amawolotsa akavalo am'tchire kamtsinje ka nyanja akusambira n'kugulitsa ana awo pothandiza ozimitsa moto.

Ndingafike bwanji kuchokera kuno?

Ambiri amakwera Ethiopian Airlines kuchokera ku Lilongwe kapena Blantyre, kusintha ku Addis Ababa, n'kukatsikira ku Dulles. Kuchokera mu Novembala 2022 sitima ya Metro imafika pabwalo pomwepo. Ofesi ya kazembe wa Malawi ili mu Washington. Nthawi ya kuno ili patsogolo ndi maola 6 kuyambira Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndi maola 7 miyezi inayo.

Za viza, malamulo akusintha pafupipafupi. Mu Ogasiti 2025 America inayamba kufuna chikole chofika madola 15,000 kwa Amalawi ndi a ku Zambia opempha viza yokacheza, ndipo pambuyo pake inakhwimitsanso zina. Funsani ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe musanagule tikiti, ndipo musapereke ndalama kwa aliyense wolonjeza kuti akudutsitsani.

Ndikafuna kuyendetsa galimoto, ndisamale chiyani?

Amayenda kumanja. Kunja kwa dera loyandikana ndi Washington mabasi ndi ochepa, moti popanda galimoto mumakhala womangika. Lamulo la liwiro ndi lokhwima kuposa zigawo zambiri: kupitirira malire ndi mamailosi 20 pa ola, kapena kuthamanga kuposa mamailosi 85, amene ndi makilomita 137, ndi mlandu wa kukhoti umene chilango chake chingafike miyezi 12 m'ndende ndi madola 2,500. Kwa mlendo mlandu wotere ungasokonezenso za viza. Basi yachikasu ya ana asukulu ikaima n'kuyatsa magetsi ofiira, imani, ngakhale mukuchokera kutsogolo kwake. Mwini galimoto amalipiranso msonkho chaka ndi chaka malinga ndi mtengo wa galimotoyo.

Misewu ya I-95 ndi I-66 imadzaza koopsa m'mawa ndi madzulo, ndipo mizere yothamanga ndi yolipira, mtengo wake umakwera magalimoto akachuluka. Galimoto yonyamula anthu atatu imadutsa ulere. Pachifukwa chimenechi, m'malo ngati Woodbridge ndi Springfield anthu amafola m'mamawa pamalo oimika magalimoto, dalaivala amaima n'kutchula kumene akupita, awiri n'kukwera. Zili ngati matola, kungoti palibe amene amalipira mnzake. Mwambo wake ndi wakuti wokwera sayambitsa macheza, sadyeramo, ndipo sapempha kusintha wailesi.